Lisiti la ku Kamwala ndi Pangano la Makompyuta

Wogula amene alandira lisiti m'sitolo yoodetsa katundu ku Kamwala saganiza kuti kapepalako kali ndi ulendo wake. Koma kuyambira pa 1 July 2024, pamene bungwe la Zambia Revenue Authority linalamula amalonda onse olembetsa msonkho wa VAT kugwiritsa nchito njira ya Smart Invoice, kompyuta ya m'sitolo iyenera kutumiza mbiri ya malondawo ku ZRA pa intaneti.

Makompyuta awiriwa amvana mwa pangano lochedwa API. Panganoli linena malo olembapo nambala ya TPIN, dzina la katundu, mtengo wake ndi msonkho wa 16 peresenti. Kalaliki akapatsidwa fomu yacilendo amaiyang'anitsitsa, nafunsa mnzake, nailemba. Pulogalamu ilibe nzeru zotere. Ikapeza kuti mwini API wasintha dzina la kabokosi kamodzi cabe, uthenga wake ukanidwa, lisiti silituluka, ndipo amai amene abwera m'mamawa kucokera ku Kabwata ndi ku Chelstone kudzaoda zitenje angoima pamzere.

Smart Invoice inalowa m'malo mwa timakina ta EFD. Amalonda ang'ono anapatsidwa pulogalamu ya ZRA yoika pa foni kapena pa kompyuta, koma masitolo okhala ndi mapulogalamu ao-ao owerengera katundu anafunika akatswiri owalumikiza kudzera pa cida cochedwa VSDC. Ndalama zolipira akatswiriwo zimacokera m'thumba la mwini sitolo.

Kusintha sikungaletsedwe, pakuti malamulo a msonkho nao amasintha. Nkhani yagona pa kasinthidwe kake. Owerenga athu akumbukira kuti pa 1 January 2013 Bank of Zambia inacotsa maziro atatu pa kwacha, K1,000 nikhala K1. Cizindikiro ca ndalama yathu m'makompyuta cinacoka pa ZMK kupita pa ZMW, ndipo ngwee, zimene ana ambiri anali asanazigwirepo, zinabwerera. Komabe ndalama zakale ndi zatsopano zinayendera pamodzi kufikira pa 30 June, ndipo aliyense anapeza mpata wokonza makina ake. Eni API osamala amacita cimodzimodzi: amapatsa pangano latsopano nambala yake, nalengeza tsiku, nasiya lakale ligwirebe nchito kwa miyezi ingapo.

Si onse acita tero. Mu January 2023 kampani ya Twitter ku America inatsekera kunja mapulogalamu a Tweetbot ndi Twitterrific popanda cenjezo, ndipo Twitterrific, imene inatumikira anthu kuyambira mu 2007, inathera pomwepo.

Tsono wamalonda wa ku Kamwala pogula pulogalamu asafunse mtengo wokha. Afunsenso kuti ZRA ikasintha API yake ndani adzakonza, adzatenga masiku angati, ndipo adzalipira ndani. Yankho lilembedwe papepala, onse awiri asainepo.