Nyimbo ikuphulika pa Kachulu, nanga woyimba akudya chiyani?

Ndikuuzeni chifukwa chake oyimba akale akabweranso ndi nyimbo amangotchuka koma m'thumba mulibe kanthu. Nthawi ya Alleluya Band ya ku Balaka, ndi makiyibodi ake aja, anthu ankagula kaseti, woyimba n'kupezapo kangachepe. Lero pa Kachulu timapita kwa anyamata obena nyimbo, kenako n'kumangotumizirana pa foni. Ndalama imathera pa benchi pomwepo.

Taonani agogo Giddes Chalamanda. Mu 2020 adayimbanso "Linny Hoo" ndi Patience Namadingo, nyimbo n'kufalikira dziko lonse pa TikTok. Komatu ma view paokha sagula ufa. Ndalama imabwera kudzera ku COSOMA nyimbo ikamaseweredwa pa wailesi, komanso kumashowo. Ndiye oyimba akafika ku Zomba, tizilipira pakhomo, osadumpha mpanda.