Momwe akatswiri amachulukitsira utoto wachilengedwe wa zomera m'labotale

Makampani opanga zakudya, zakumwa ndi zodzoladzola akusakasaka utoto wochokera ku zomera pamene maiko ena akukhwimitsa malamulo okhudza utoto wopangidwa ndi makemikolo.

Mu January 2025, bungwe la boma la America loona za zakudya ndi mankhwala la FDA linaletsa utoto wofiira wa Red No. 3 m'zakudya. Nalo bungwe la European Union linalamula kuti kuyambira 2010 zakudya zokhala ndi mitundu 6 ya utoto wotere zizilembedwa chenjezo lokhudza ana.

Vuto ndi lakuti utoto wachilengedwe umapezeka wochepa m'zomera, ndipo kuchuluka kwake kumadalira nyengo ndi nthaka. N'chifukwa chake akatswiri a sayansi amalera maselo a zomera m'labotale. Iwo amadula kachidutswa ka tsamba kapena muzu n'kukaika m'botolo lopanda tizilombo, lokhala ndi shuga ndi michere, kuti maselo achulukane. Luso lake ndi lofanana ndi lija amapangira mbewu ya nthochi yopanda matenda a chisaka.

Komabe maselo ongochulukana mofulumira kawirikawiri sapanga utoto wokwanira. Chomera chimapanga utoto makamaka podziteteza ku dzuwa, tizilombo kapena matenda, choncho maselo okhala pa mtendere amangokula.

Dziko la Japan ndi lomwe linayamba kuthana ndi vutoli. Mu 1983, kampani ya Mitsui Petrochemical inayamba kupanga utoto wofiira wa shikonin kuchokera ku maselo a chomera chotchedwa murasaki, potsatira kafukufuku wa Mamoru Tabata wa ku Kyoto University ndi Yasuhiro Fujita wa kampaniyo.

Akatswiriwa anagawa ntchitoyi pawiri. Poyamba ankapatsa maselo chakudya chowakulitsa. Akachuluka, ankawasamutsira m'thanki ina ya chakudya chokhala ndi mkuwa wambiri koma chopanda ammonium, popeza anapeza kuti ammonium amalepheretsa utotowo kupangika. Maselowo ankasungidwa mumdima chifukwa kuwala nako kumatsekereza shikonin.

Muzu wa murasaki umatenga zaka zingapo kuti ukhwime, ndipo utoto umangokhala gawo 1 kapena 2 pa magawo 100 a muzu wouma. Koma maselo a m'thanki ankapitirira magawo 10 pa 100 m'masabata pafupifupi 3 okha.

Utoto wina umafuna chisamaliro chosiyana. Anthocyanin, amene amafiiritsa chidede ndi mphesa, amachuluka maselo akaikidwa powala, akawonjezeredwa shuga komanso akachepetsedwa phosphate. Akatswiri amathiranso methyl jasmonate, mankhwala amene chomera chimatulutsa chikavulala, kuti maselo ayambe kudziteteza. Kuwonjezera apo, amasankha maselo ofiira kwambiri n'kumachulukitsa okhawo.

Ngakhale zili choncho, utoto wambiri wachilengedwe umene uli pa msika umachokerabe kumunda. Mathanki amafuna magetsi osadukiza, ukhondo wokhwima ndi antchito ophunzira bwino, ndipo maselo ena amachepetsa utoto akakhalitsa. Kotero njirayi imapindulitsa pa utoto wodula wochokera ku zomera zosowa kapena zochedwa kukhwima, pomwe pa mbewu zobereka msanga monga chidede, ulimi wa kumunda ndiwo wotsika mtengo.