MAPU A DOTOLO SNOW: PHUNZIRO KWA ALEMBI NDI APHUNZITSI

M'maofesi a Boma muli mabuku ambiri odzaza ndi manambala: a obadwa, a omwalira, a odwala ndi a ana a sukulu. Koma manambala ounjikana m'kaundula salankhula kufikira wina atawaika pa chithunzi chimene diso lingawerenge msanga. Mbiri ya Dotolo John Snow wa ku London ionetsa bwino mphamvu ya luso limeneli, pamodzi ndi malire ake.

Kumapeto kwa mwezi wa August m'chaka cha 1854, nthenda ya kolera inabuka m'dera la Soho mumzindawo. Pa masiku khumi okha anthu oposa 500 anali atamwalira, ndipo pofika pamapeto a mliriwo maliro anakwana 616. Masiku amenewo akuluakulu a zaumoyo ankakhulupirira kuti nthendayi imayenda ndi mpweya wonunkha. A Snow anakana, nanena kuti gwero lake ndi madzi akumwa.

Dotoloyo anatenga maina a omwalira ku ofesi ya kaundula wa imfa, nayenda khomo ndi khomo kufunsa kumene banja lililonse linkatunga madzi. Pa 7 September anakaonekera pamaso pa akuluakulu a deralo, ndipo m'mawa mwake mkono wa mjigo wa mumsewu wa Broad Street unachotsedwa. Pambuyo pake anajambula mapu amene anasindikizidwa m'buku lake m'chaka cha 1855. Pa nyumba iliyonse ya maliro anaika kamzere kakuda, kamodzi pa munthu mmodzi, nasonyezanso mijigo ya m'deralo. Ngakhale munthu wosadziwa za mankhwala, akayang'ana mapuwo aona timizere titathithikana mozungulira mjigo umodzi, ndipo tikucheperachepera pamene misewu italikira.

Malo osowa timizere nawonso anali ndi umboni wake. Pa fakitale yofulula mowa mumsewu womwewo panalibe wantchito amene anamwalira, pakuti ankamwa mowa wa pantchito, ndipo fakitaleyo inali ndi chitsime chakechake. M'nyumba yosungiramo amphawi munali anthu 535, koma anamwalira asanu okha, popeza nawonso ankatunga m'chitsime chawo. Tsono mayi wina wamasiye wa ku Hampstead, kutali ndi Soho, anamwalira ndi nthendayi, ndipo zinadziwika kuti ankaitanitsa madzi a ku Broad Street chifukwa ankawamva kukoma.

Komabe awerengi asayese kuti mapu ndiwo anathetsa mliri. Mkono wa mjigo unachotsedwa mapu asanasindikizidwe, ndipo a Snow eniake anavomereza kuti nthenda inali itayamba kale kuchepa, anthu ambiri atathawa m'deralo. Akuluakulu a zaumoyo sanakhutire msanga ndi umboniwo. Mbusa Henry Whitehead, amene poyamba ankatsutsa dotoloyo, ndiye anafufuza napeza kuti madzi ochapira matewera a khanda lodwala ankatayidwa m'dzenje la zonyansa loyandikana ndi chitsimecho. Paja mutu umodzi susenza denga. Mapu anasonyeza pofunika kuyang'ana, koma choonadi chinapezeka poyenda ndi pofunsa.

Nkhani imeneyi ikhudza dziko la Malawi kwambiri. Kolera imene inayambira m'boma la Machinga mu March 2022 inafalikira m'dziko lonse nipha anthu oposa 1,700. Pa nthawi yotere mkulu wa zaumoyo afunika kudziwa m'mawa womwewo midzi imene odwala akuchokera, kuti mankhwala othira m'madzi ndi katemera zipite kumene ngozi yakula. Lero kompyuta ijambula mapu m'kanthawi kochepa, koma mlembi wa pachipatala akasiya dzina la mudzi, kapena akalemba lolakwika, mapu okongolawo asocheretsa Boma.

Motero udindo ugwera magulu awiri. Ogwira ntchito m'Boma alembe kaundula mosamala, ndipo poona chithunzi chilichonse cha manambala ayambe afunsa amene anawerenga, nthawi imene anawerenga, ndi amene anatsala osawerengedwa. Aphunzitsi nawo sasowa zipangizo zodula. Choko ndi bolodi zikwanira kuti ana ajambule mudzi wawo, aike zitsime ndi zimbudzi m'malo mwake, nayese mtunda wa pakati pake. Mwana wozolowera ntchito yotere adzakhala mlembi amene kaundula wake angapulumutse mudzi.