Kontena yosayesedwa kulemera siloledwa kukwera sitima

Fodya, tiyi ndi shuga zomwe dziko la Malawi limagulitsa kunja zimadutsa pa madoko a Beira, Nacala, Dar es Salaam ndi Durban. Pa madoko amenewa, kontena yomwe zikalata zake sizikugwirizana ndi katundu ali m'katimo itha kukanizidwa kukwera sitima, ndipo mwini katundu ndiye amalipira ndalama zosungira pa masiku onse omwe yakhala pa dokopo.

Lamulo la kulemera kwa makontena lili m'pangano la SOLAS, lomwe limayang'aniridwa ndi bungwe la International Maritime Organization, nthambi ya United Nations yoona za maulendo a panyanja. Kuyambira pa 1 July 2016, wotumiza katundu ayenera kupereka chikalata chotsimikiza kulemera kwa kontena yonse isanakwezedwe m'sitima. Njira zovomerezeka ndi ziwiri: kuyesa kontena yodzaza kale pa sikelo yovomerezeka ndi boma, kapena kuyesa katundu yense pamodzi ndi zomangira zake n'kuwonjezerapo kulemera kwa kontena yopanda kanthu, komwe kumalembedwa pa chitseko chake.

Lamuloli linabwera kutsatira ngozi zingapo. Mu January 2007, sitima ya MSC Napoli inang'aluka pa nyanja ya pakati pa England ndi France. Ofufuza atayesa makontena 660 omwe anali pamwamba pa sitimayo, anapeza kuti 137 mwa iwo anasiyana ndi zomwe zinalembedwa ndi matani oposa atatu. Woyendetsa doko amasanja makontena motsatira manambala a pa chikalata, olemera pansi ndipo opepuka pamwamba. Manambalawo akakhala abodza, mulu wa makontena utha kugwa, makina onyamulira atha kuthyoka, ndipo miyoyo ya ogwira ntchito imakhala pa chiswe.

Gawo lachiwiri likukhudza katundu woopsa monga mafuta, mankhwala ndi zophulika. Malamulo a IMDG amagawa katunduyu m'magulu asanu ndi anayi, ndipo amalongosola zizindikiro zoyenera kumata pa kontena komanso katundu yemwe sayenera kuyandikana. Zotsatira za kunyozera malamulo otere zinaoneka pa 12 August 2015 pa doko la Tianjin m'dziko la China, pomwe bwalo losungira makontena a mankhwala linaphulika. Anthu 165 anafa ndipo asanu ndi atatu sanapezeke. Ambiri mwa iwo anali ozimitsa moto. Bwalolo linamangidwa pafupi kwambiri ndi nyumba za anthu, mosemphana ndi malamulo a dzikolo omwe amafuna mtunda wosachepera kilomita imodzi. Mu 2016 makhoti anagamula anthu 49 kuti akakhale kundende, ndipo 25 mwa iwo anali akuluakulu a boma omwe anapereka ziphaso kapena kulephera kuyendera malowo moyenera.

Ngozi ya pa doko la Beirut ku Lebanon pa 4 August 2020 inaonetsa vuto lina, la katundu wogonera m'nkhokwe popanda womusamala. Matani pafupifupi 2,750 a ammonium nitrate anakhala pa dokolo zaka zisanu ndi chimodzi mpaka anaphulika ndi kupha anthu oposa 200.

Ngakhale dziko la Malawi lilibe doko la pa nyanja yamchere, makontena ambiri amadzazidwa ndi kutsekedwa kuno kumudzi, m'mabwalo a ku Kanengo mumzinda wa Lilongwe ndi ku Blantyre. Choncho ogwira ntchito za msonkho wa pa chipata, oyendera masikelo ndi opereka ziphaso za malo osungira katundu ndiwo oyamba kutsimikiza kuti zolembedwa ndi zoona. Doko la Beira kapena Nacala limalandira kontena ili yotseka kale, ndipo limadalira chikalata chomwe chinasayinidwa kuno.