Kasupe sakakamizidwa

Kumunsi kwa munda wa agogo anga, m'mapiri a ku Thyolo, kuli mtengo wa katope. Patsinde pake madzi amatumphuka pakati pa miyala iwiri, mwakachetechete, kukula kwake ngati chala chamanthu. Tili ana tinkalawirira kumeneko ndi ndowa ndi chikho. Woyamba kufika ankatunga madzi oyera mbee. Wachitatu ankawapeza atavunduka, ndipo ankakhala pamwala kudikira kuti matope adikhe. Mbuzi zinkamwa pomwepo. Mvula ikagwa, madzi a m'mizere ankatsikira m'dzenje lomwelo atakokolola zonse za kumtunda, za m'khola ndi za kuthengo zomwe.

Akasupe otere alipo ambiri ku Thyolo, ku Mulanje, m'mphepete mwa phiri la Zomba, ku Dedza, ku Ntcheu mpaka ku Misuku. Timawaona ngati madzi a osauka, ongodikirira tsiku limene galimoto yokumba mjigo idzafike. Komatu mjigo umafa. Kamphira kamodzi kakatha, mudzi wonse umabwerera kudambo mwezi wathunthu komiti ikutolera ndalama. Kasupe safuna dizilo, safuna magetsi, alibe chitsulo chotha. Madzi ake asefedwa kale ndi nthaka, ndipo nthawi zambiri amatuluka abwino. Amaipa atafika poyera, pamene mapazi, zikho ndi ziweto zimakumana. Aliyense amene anaona kolera amene anayamba mu Malichi 2022 ku Machinga, nkupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, akudziwa kuti dzenje losavindikira si nkhani yaing'ono.

Woyamba kuyesa kukonza kasupe wathu anali malume anga, ndipo anali ndi mtima wabwino. Anagula matumba awiri a simenti, namanga khoma la njerwa kutsogolo kwa miyala ija kuti madzi adzadze ngati damu, azitungika mosavuta. Sabata yoyamba tinasangalala. Madzi anakwera kufika m'chiuno. Sabata yachitatu anayamba kutsika, ndipo mwezi usanathe tinapeza dothi lanyowa m'dimba la oyandikana nawo, mamita angapo kumunsi. Kasupe anali atathawa. Agogo ankati wakwiya. Amisiri odziwa ntchitoyi amanena zomwezo m'mawu ena: madzi oima pamwamba pa potumphukira amakankha obwera kumbuyo, ndipo obwerawo amafuna njira ina yofewa. Tinagumula khomalo ndi chisoni, ndipo madzi sanabwererenso onse mpaka dzinja lotsatira.

Chimene malume sanachidziwe ndi mmene kasupe amabadwira. Mvula imalowa m'nthaka ya kumtunda, imatsika pang'onopang'ono m'mchenga ndi m'ming'alu ya miyala, mpaka ikumane ndi dongo kapena thanthwe losalola madzi kudutsa. Pamenepo imayenda chammbali, nkutulukira pamene phiri latsetsereka. Ndiye wokumba ayenera kulondola madziwo chobwerera, ndi khasu ndi manja, kuchotsa matope ndi mizu mpaka aone bwinobwino pamene akuchokera. Piki kapena chitsulo chobowolera n'zoopsa pamalo amenewa. Ukaboola dongo limene lanyamula madziwo, amalowa pansi ukuona, ndipo palibe simenti ingawabweze.

Potumphukira pakaoneka, amayalapo miyala yotsuka bwino, ikuluikulu kutsogolo, ing'onoing'ono kumbuyo, kuti madzi azidutsa momasuka koma dothi lizitsalira. Pamwamba pa miyalayo amafunditsa pepala lapulasitiki lolimba, kenako dongo lopondaponda, kenako dothi ndi kapinga, kuti dontho la mvula lisalowe kuchokera pamwamba. Kutsogolo kumabwera khoma lalifupi kapena kabokosi ka simenti kokhala ndi chivindikiro cholemera, choti mwana sangachinyamule. M'kabokosimo mumatuluka mapaipi atatu. Wapansi penipeni ndi wotsukira, umakhala wotseka. Wapakati ndi wopita kumpopi. Wapamwamba ndi wotayira madzi osefukira, ndipo umenewu ndi umene ukanapulumutsa malume: uyenera kukhala m'munsi mwa potumphukira, kuti madzi asakwere kupitirira pamene kasupe anazolowera. Kukamwa kwake amamangako kasefa kuti achule ndi nkhanu zisalowe.

Koma munthu asanagule ngakhale thumba limodzi la simenti, adikire Okutobala kapena Novembala, dzuwa litaphulitsa nthaka, mvula isanayambe. Kasupe wa mu Febuluwale amanamiza. Ena amangoyenda miyezi ya dzinja, chilimwe chikafika amasanduka fumbi. Poyesa pamangofunika ndowa ya malita 20, kapaipi kolozera madzi m'ndowamo, ndi wotchi ya pafoni. Ndowa ikadzadza pa mphindi 20, ambiri amagwa mphwayi, amati n'kudontha chabe. Tawerengani. Imeneyo ndi lita imodzi pa mphindi, malita 1,440 pa tsiku. Bungwe la WHO limawerengera malita 20 pa munthu pa tsiku ngati poyambira, choncho banja la anthu asanu ndi mmodzi lingatenge malita 120 okha. Vuto la kasupe wofooka si kuchepa kwa madzi, koma kuti amatayika usiku wonse anthu ali mtulo. Maola 10 a usiku ndi malita 600, migolo itatu yodzadza. Thanki yomangidwa kumunsi pang'ono imasunga madzi amenewo, ndipo m'mawa mzere wa ndowa umatha msanga.

Ngati nyumba ili kumunsi kwa kasupe, mwayi ndi waukulu, chifukwa madzi adzadziyendera okha m'paipi mpaka pakhomo. Paipiyo ikwiriridwe mozama ndithu, kuti khasu ndi moto wa lupsa zisaipeze. Luso limeneli si lachilendo kuno. Mu 1968 anthu a ku Chingale, kuseri kwa phiri la Zomba, anakumba okha ngalande nayala mapaipi otenga madzi m'phiri kupita m'midzi popanda injini, motsogozedwa ndi katswiri Lindesay Robertson. Ntchitoyo inafalikira ku Mulanje, ku Phalombe ndi maboma ena, ndipo anthu ochokera kunja ankabwera kudzaphunzira. Mipopi imeneyo inkatenga madzi m'mitsinje ya m'nkhalango, koma nzeru yake ndi yomweyi: madzi ali pamwamba, anthu ali pansi.

Ine ndimaona kuti ntchito yaikulu siili pa kabokosi, ili kumtunda kwake, ndipo kumeneko n'kumene timalephera. Pamwamba pa kasupe, mamita 10 kapena kuposerapo, pamafunika ngalande yopatutsa madzi a mvula kuti adutse m'mbali. Pamafunika mpanda wotchinga mbuzi ndi nkhumba. Chimbudzi, khola ndi dzala zikhale kutali, osachepera mamita 30, ndipo zisakhale kumtunda kwa kasupe ngakhale patalike. Apa mpamene pamavuta, chifukwa malo a kumtundawo kawirikawiri ndi a munthu wina. Iye ali ndi chimanga chake, feteleza wake, ndi mabulugamu amene akuyembekezera kudzagulitsa milimo. Bulugamu amamwa madzi kwambiri, ndipo akasupe ambiri afooka atazunguliridwa ndi mitengo imeneyi. Mkuyu, katope, mwimbi ndi udzu wa vetiva zimagwira nthaka n'kulola mvula kulowa. Ngakhale mitengo yabwinoyi isayandikire kabokosi, poti mizu imafuna madzi ndipo imang'amba simenti.

Nkhani ya malo imeneyi sithetsedwa ndi mmisiri. Imafuna amfumu, pabwalo, anthu onse akumva. Banja limene likukoka paipi lisaiwale kuti ena akhala akutunga pamenepo kuyambira makolo awo. Kutsekera madzi onse m'paipi ya nyumba imodzi n'kuitana chikwanje usiku. Mpopi umodzi utsale pakasupe pomwepo, wa aliyense, ndipo osefukira apite kumene ankapita kale, kumadimba ndi kokamwera ziweto.

Kasupe wathu anamangidwanso patapita zaka, ndi mmisiri amene anathera masiku awiri akungokumba ndi manja asanakhudze simenti. Mlangizi wa zaumoyo anabwera kudzathira klorini m'kabokosi asanakatseke, natilangiza kuti nthawi ya kolera tizithirabe mankhwala m'madzi akumwa, chifukwa ndowa ndi mtsuko nazo zimaipitsa madzi abwino. Anatiphunzitsanso kuyesa kosafuna ndalama. Mvula yamphamvu ikagwa usiku, m'mawa timatunga madzi m'tambula yagalasi n'kuyang'ana padzuwa. Akakhala oyera ngati dzulo, kasupe ali bwino. Akatuwa, kapena akachuluka mwadzidzidzi, ndiye kuti pena pake madzi a pamwamba apeza polowera.

Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, tambula ija inatuwa. Tinakwera ndi makasu n'kupeza ngalande ya kumtunda itakwiririka ndi dothi, madzi atadula njira pamwamba penipeni pa dongo lija. Tinaifukula, tinapondanso dongo latsopano, tinatsegula paipi yotsukira mpaka matope onse anatuluka. Tsiku lachinayi mayi anga aang'ono anatunga, nayang'ana padzuwa, natumiza mwana kuti akatenge mtsuko.