Bungwe la Amalonda ndi Inu Alimi

Kodi mtedza wanu ukachoka pa sikelo umapita kuti? Umapita kwa eni mafakitale ndi kwa amalonda otumiza mbewu kunja. Ambiri a iwo ali m'bungwe lotchedwa MCCCI, limene likulu lake lili ku Blantyre. Linayamba m'chaka cha 1892, pamene Azungu a minda ndi a masitolo anagwirizana kuti azilankhula ndi Boma ndi mawu amodzi. Lero muli Amalawi ambiri.

Ntchito yake ndi iyi: kuuza Boma madandaulo a amalonda pa za misonkho, misewu ndi magetsi, ndiponso kukonza zionetsero za malonda ndi za ulimi ku Chichiri, kumene ogula amakumana ndi ogulitsa.

Tsono mverani. Mwini fakitale sangayende mudzi ndi mudzi kugula thumba limodzilimodzi. Afuna matumba ambiri a mbewu zouma bwino ndi zosankhidwa. Mukamagulitsa nokhanokha, wogula wa pamsewu ndiye atchula mtengo. Chifukwa chake lowani m'makopaletivi, sonkhanitsani mtedza, soya ndi nandolo, ndipo funsani Alangizi njira yokaonetsera mbewu zanu ku Chichiri. Kumbukirani kuti mutu umodzi susenza denga.