Dzina la Wokumba Chitsulo: Kuchokera ku Germany Kufika kwa Nsanama

Wophunzira aliyense amene anafikapo pa mutu wa Nkhondo Yachiŵiri ya Dziko Lonse anakumanapo ndi dzina lakuti Eisenhower. Mwini dzinali, Dwight D. Eisenhower, ndiye anatsogolera asilikali a America, Britain ndi maiko ogwirizana nawo pamene anaoloka nyanja kukaloŵa m'dziko la France pa 6 June 1944, ndipo pambuyo pake anakhala Pulezidenti wa America kuyambira 1953 mpaka 1961. Chimene mabuku a sukulu sanena kaŵirikaŵiri n'chakuti mkulu amene anathira nkhondo Ajeremaniyu anali ndi dzina la Chijeremani, ndiponso kuti dzinalo silinali la chifumu kapena la ankhondo ai. Linali dzina la munthu wamba, wodya za thukuta lake.

Kwawo kwa dzinali amalilemba kuti Eisenhauer, ndipo ndi mau aŵiri olumikizidwa. Eisen ndi chitsulo, pamene Hauer ndi munthu wotema kapena wogoba. M'chinenero cha ku migodi ya ku Germany, Hauer anali munthu uja woima kumapeto kwenikweni kwa mgodi, maso ndi maso ndi thanthwe, nkumaswa mwala kuti anzake anyamule. Tsono Eisenhauer ndiye wokumba miyala ya chitsulo. Madoda a ku Machinga ndi ku Balaka amene anapita ku migodi ya golide ya ku Johannesburg m'masiku a Wenela safunika kuwafotokozera zambiri za munthu wotere, pakuti ambiri a iwo anaigwira ntchitoyo ndi manja awo.

M'chaka cha 1741 munthu wina wotchedwa Hans Nicolaus Eisenhauer ananyamuka ndi banja lake m'mudzi wa Karlsbrunn, pafupi ndi malire a France, nakatsika chombo pa Philadelphia. Adzukulu ake anakhala alimi m'dera la Pennsylvania. Makutu a alembi olankhula Chingerezi sanalimvetse bwino dzinali, motero pang'onopang'ono linasanduka Eisenhower. Mu 1878 banjali linasamukira ku Kansas, ndipo Dwight, amene anabadwa mu 1890, anakulira m'tauni ya Abilene kumene bambo ake ankagwira ntchito pa fakitale ya mkaka. Mibadwo yonseyi inalima, inagulitsa malonda, ina inalalikira m'matchalitchi, koma dzina la wokumba chitsulo silinawasiye.

Ku Germany komweko dzinali n'losoŵa, ndipo limamveka makamaka m'zigawo za kumwera chakumadzulo kwa dzikolo. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Miyala ya chitsulo inkakumbidwa m'mapiri oŵerengeka okha, pamene chigayo ndi chipala zinkafunika m'mudzi uliwonse. N'chifukwa chake dzina lofala kuposa onse m'dzikomo ndi Müller, kutanthauza wa chigayo, ndipo lotsatira ndi Schmidt, wosula zitsulo. Pambuyo pa ameneŵa pamabwera Schneider, amene ndi telala, Fischer, msodzi, Weber, woomba nsalu, Wagner, wopanga ngolo, ndi Becker, wophika buledi. Okonda mpira amene anasangalala ndi zigoli za Gerd Müller kapena Thomas Müller ankachemerera mwana wa kuchigayo. Helmut Schmidt, amene analamula West Germany kuyambira 1974 mpaka 1982, ankayenda ndi dzina la kuchipala. Nalonso dzina la Olaf Scholz, mtsogoleri wa dzikolo kuyambira 2021 mpaka 2025, ndi limodzi ndi Schulz, munthu amene ankayang'anira mudzi ndi kutolera msonkho m'malo mwa mwini dziko, ngati nyakwaŵa.

Maina osoŵa kwambiri ndi aja a amisiri amene anasankha kagawo kamodzi kokha ka ntchito. Pakati pa osula zitsulo panali Nagelschmidt wosula misomali, Pfannenschmidt wosula mapoto, Kupferschmidt wosula mkuwa, ndi Messerschmitt wosula mipeni. Dzina lomalizali linadzakhala pa ndege za nkhondo za Ajeremani zimene asilikali a Eisenhower ankalimbana nazo m'mlengalenga, kotero kuti pa nkhondo ija mdzukulu wa wokumba chitsulo anayang'anizana ndi mdzukulu wa wosula mipeni.

Kodi maina otereŵa anakhazikika bwanji? Kalekale Mjeremani anali ndi dzina limodzi lokha. Kuyambira zaka za m'ma 1100, mizinda monga Cologne itayamba kukula, panapezeka kuti mumsewu umodzi muli a Johann asanu ndi a Heinrich anai. Mlembi wa msonkho ndi mlembi wa milandu anayenera kuwasiyanitsa, ndipo njira yapafupi inali kulemba ntchito ya munthu pambali pa dzina lake. Popeza mwana wamwamuna ankaloŵa chipala kapena chigayo cha bambo ake pamodzi ndi nyumba, naye ankalembedwa chimodzimodzi. Mibadwo iŵiri kapena itatu itapita, mau aja anasiya kunena za ntchito nayamba kunena za banja. Msonkhano wa mpingo wa Katolika wa ku Trent unalamula mu 1563 kuti parishi iliyonse izisunga buku la maubatizo ndi maukwati, ndipo kuyambira 1876 boma la Germany linayamba lokha kulemba aliyense wobadwa, wokwatira ndi womwalira. Apa dzina linaumiratu ngati njerwa yootcha. Zinthu ziŵiri tsono ndizo zinagwira ntchito: choloŵa chochokera kwa bambo, ndi cholembera cha mlembi.

Mphunzitsi wa pa sukulu ina iliyonse kwa Nsanama, pa msewu wochokera ku Liwonde kupita ku Ntaja, akatsegula kaundula wa ana ake angafune kudziŵa chifukwa chake mwa maina onse aja mulibe lotanthauza wosula makasu, woumba mbiya kapena wosema bwato. Munthu wosalingalira bwino anganene kuti kunoko kunalibe amisiri. Mbiri ikukana.

M'busa wa mpingo wa Anglican, Yohanna Barnaba Abdallah, analemba buku la mbiri ya mtundu wake lotchedwa Chiikala cha Wayao, limene linasindikizidwa ku Zomba mu 1919. M'bukumo anafotokoza za Achisi, gulu la Ayao limene linatchuka ndi luso la chitsulo. Achisi ankayenga miyala m'ng'anjo, nkumasula makasu, nkhwangwa ndi mipeni, kenaka nkumayenda mudzi ndi mudzi kusinthanitsa katundu wawoyo. Malinga ndi Abdallah, maulendo a amisiri ameneŵa ndiwo anatalika kufikira kugombe la nyanja ya mchere, cha ku Kilwa, kumene anaona nsalu nabwera nazo kwawo. Ngati zili choncho, ndiye kuti njira zikuluzikulu za malonda zimene zinadzatchukitsa Ayao, za minyanga ya njovu ndiponso zomvetsa chisoni zija za akapolo, zinatsegulidwa ndi khasu la wosula zitsulo. Pakanakhala kuti ntchito yokha ndiyo imabala dzina la banja, bwenzi lero m'makaundula a ku Machinga mutadzaza maina a kuchipala monga momwe Schmidt wadzazira ku Germany.

Chimene chinasiyana ndi kayendedwe ka dzina. Ayao a Amachinga, amene analoŵa m'dera lino m'zaka za m'ma 1800 ndi mafumu monga Kawinga, Liwonde ndi Nsamala, amatsata mtundu kuchikazi. Mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi, ndipo ana ndi a mbumba ya mai awo, yoyang'aniridwa ndi atsibweni. J. Clyde Mitchell, amene anakhala m'midzi ya kuno kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 nalemba buku lotchedwa The Yao Village la mu 1956, anaonetsa kuti dzina lokhalitsa pakati pa Ayao ndi la mwini mudzi. Mfumu ikamwalira, mphwake, ndiye kuti mwana wa mlongo wake, amaloŵa dzina pamodzi ndi udindo wonse. N'chifukwa chake Liwonde, Kawinga ndi Nsanama ndi maina a mafumu ndiponso a malo, ndipo sakufa. Koma dzina lotere limakhala la munthu mmodzi pa nthaŵi imodzi. Silimwazikira kwa ana onse monga dzina la Mjeremani.

Munthu wamba naye sankafa ndi dzina limene anabadwa nalo. Mnyamata akatuluka ku jando, kapena mtsikana ku nsondo, ankalandira dzina latsopano, ndipo kumuitana ndi la paubwana kunali chipongwe. Akabereka ankayamba kutchedwa bambo a uje kapena make uje. Maina a mafuko, monga Phiri, Banda, Mwale, Mbeŵe ndi Milanzi, analipo ndithu, koma ameneŵa amanena za magazi ndi kumene anthu anachokera, osati zimene munthu amachita ndi manja ake. Motero wosula zitsulo akanatha kutchuka dziko lonse, luso lake nkulisiyira mwana kapena mphwake, koma panalibe buku lakuti limange dzina la ntchitoyo pa adzukulu ake.

Cholembera chinafika mochedwa, ndipo chinafika ndi atsamunda. Britain italanda dziko lino mu 1891, panabwera msonkho wa nyumba, ndipo Kawinga atagonjetsedwa pa phiri la Chikala mu 1895 alembi a boma anayamba kuyenda m'midzi ya kuno ndi mabuku awo. Pambuyo pake panabwera buku la ubatizo, kaundula wa sukulu, chitupa cha ulendo, ndi mapepala a Wenela ndi Mthandizi. Onseŵa ankafunsa funso limodzi lachilendo: dzina la bambo ako ndani? Munthu ankangotchula dzina limene bambo ake ankadziŵika nalo pamudzi nthaŵi imeneyo. M'dera la Asilamu ambiri ngati lino, limeneli kaŵirikaŵiri linali Saidi, Juma, Amidu kapena Yusufu.

Koma nthaŵi yomweyo ng'anjo zinali zikuzima. Makasu a m'sitolo ochokera kunja anali otsika mtengo, ndipo ntchito yoyenga chitsulo inazilala. Ntchito zimene zinkapatsa munthu ulemu tsopano zinali za kwa Mzungu: usilikali wa King's African Rifles ku Zomba, ukapitawo m'minda ya fodya ndi thonje, ukalaliki pa boma, ndi njanji imene inadutsa pa Balaka kupita ku Salima m'zaka za m'ma 1930. Munthu wobwera ku ntchito zotere ankaitanidwa ndi udindo wake, ndipo mwana wake akafunsidwa ku sukulu ankatchula dzina lomwelo. Umu ndi momwe maina monga Kapitawo, lochokera ku Chipwitikizi, Sajeni ndi Kalaliki, ochokera ku Chingerezi, analoŵera m'mabuku. Ena anali atafika kale kudzera ku Chiswahili: Fundi ndi mmisiri wodziŵa ntchito yake, ndipo Jumbe, limene lero ndi dzina la mabanja, linali udindo wa Salim bin Abdallah ndi oloŵa m'malo mwake ku Nkhotakota kuyambira zaka za m'ma 1840. Ameneŵa ndiwo abale enieni a Müller ndi Schulz m'dziko la Malaŵi, kungoti ndi aang'ono ndi zaka mazana angapo.

Pali gulu linanso limene achinyamata ena amachita nalo manyazi, la maina a ziŵiya monga Tebulo, Supuni ndi Botolo. Ena amayesa kuwakhotetsa kuti amveke Chingerezi. Manyazi ameneŵa alibe maziko. Panthaŵi imene maina otere ankaperekedwa, zinthuzi zinali zachilendo ndi zosiririka, ndipo dzina linkakumbutsa kuti mwini wake anayenda, anaona dziko, mwina anagwirako ntchito m'nyumba ya Mzungu kapena m'sitolo ya Mmwenye. Banja lotchedwa Pfannenschmidt likuyenda ndi poto m'dzina lake, ndipo silinaone chifukwa chomuchotsera.

Vuto lenileni la omaliza sukulu lili pena. Chifukwa chakuti mwambo wa dzina la banja ndi watsopano, m'mabanja ambiri unkasintha mbadwo uliwonse. Mwana ankalembetsa dzina loyamba la bambo ake, ndipo mwana wa mwanayo nkudzalembetsa lina. Ana a mimba imodzi akanatha kukhala ndi maina atatu: wina la bambo, wina la agogo, wina la atsibweni amene ankamulipirira sukulu. Kumudzi palibe amene ankasokonezeka, pakuti aliyense ankadziŵa mbumba ya mnzake. Koma pofunsira ntchito, satifiketi ya mayeso ikanena dzina lina ndipo chiphaso chikanena lina, mwini wake amayenda maulendo ambiri kukalumbira kuti anthu aŵiriwo ndi iye yemwe. Mphunzitsi wa Sitandade 1 amene amalemba mwana kwa nthaŵi yoyamba, ndi wa Sitandade 8 amene amatumiza maina ku MANEB, akugwira ntchito yomwe ija ya mlembi wa ku Cologne, ndipo chilembo chimodzi chimene angaphonye chingatsate banja kwa mibadwo, monga Eisenhauer anasandukira Eisenhower.

Lamulo la kalembera wa dziko linakhazikitsidwa mu 2010, ndipo mu 2017 National Registration Bureau inalemba anthu oposa 9 miliyoni kuti alandire ziphaso za unzika. Chimene chinachitika ku Germany mu 1876 chinachitika tsono kwa Nsanama, ku Ntaja ndi ku Ulongwe m'miyezi yoŵerengeka. Dzina limene munthu anatchula pamaso pa mlembi tsiku limenelo ndilo ana ake akulembetsa lero. Osula zitsulo alipobe m'misika ya m'derali, akupopa mvukuto ndi kusula nkhwangwa, zikwanje ndi makasu kuchokera ku zitsulo za magalimoto akutha. Ogula amawaitana kuti a Fundi, koma pa ziphaso zawo palembedwa Saidi, Phiri kapena Kapitawo.